Chikwatu cha Agogo Anu ndi Firiji Yanga



Pa tchuthi chapitachi mdzukulu wanga wina, amene amaphunzira ku sekondale ya mumzinda, analowa m'khitchini mwa agogo ake aakazi, nayang'ana kudenga, nafunsa kuti: "Agogo, chisa chimenechi n'cha mbalame yanji?" Chimene ankaloza chinali chikwatu cha mfutso. Tonse tinaseka, koma usiku umenewo ine tulo tinandivuta. Mwana wodziwa kompyuta kuposa ine sakudziwa chinthu chimene chinalera agogo ake. Wolakwa si mwanayo ayi, olakwa ndife amene tinachita manyazi kumuphunzitsa.

Ndiyambe ndi kuulula zanga. Nditapuma pa ntchito ndinatsegula kadimba kuseri kwa nyumba, ndili ndi mtima wakuti munthu wophunzira alime mbewu za m'mapaketi. Ndinadzala kabichi, repu ndi tomato m'mizere yoongoka ndi chingwe. Kabichi anadyedwa ndi mbozi mpaka masamba anakhala ngati sefa. Tomato atangoyamba kupsa, apusi anatsika m'phiri tsiku Lamulungu, ife tili ku tchalitchi, ngati kuti anawerenga kalendala. Mbatata zimene ndinadzala m'mphepete zinathera pansi. Ndinkangoona timilu ta dothi latsopano m'mawa uliwonse, ndipo pokumba ndinapeza kuti mfuko anakolola kale. Koma pafupi ndi khola, pamene sindinadzalepo kanthu, panamera bonongwe, chisoso ndi luni zobiriwira mochititsa kaso. Agogo anu anangoti, "Aphunzitsi, ndiwo zanu n'zimenezo, zabwera zokha."

Aliyense wolima amadziwa kuti m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi masamba amachuluka mpaka kusowa wowadya. Nkhwani, chitambe ndi khwanya timangozipondaponda m'munda. Ikafika Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, kamtolo kamasamba kokwana m'dzanja limodzi timakagula ndi ndalama yowawa. Makolo athu anaona zimenezi kalekale, n'chifukwa chake anatulukira kufutsa.

Ine ndinkayesa kuti nzeru imeneyi yatha ntchito. Mwana wathu wamkazi atatigulira firiji, ndinaidzaza ndi masamba ndipo ndinauza agogo anu kuti nthawi ya zikwatu yapita. Iwo sanayankhe. Patapita masabata angapo kunagwa chimvula champhepo, magetsi anathima masiku anayi, ndipo potsegula firiji ija fungo lake linathamangitsa ndi galu yemwe. Madzulo ake tinadyera nsima mfutso wa chitambe wotendera, wochokera m'chikwatu chimene ndinkachinyoza. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo kwa ine anagonera masiku anayi okha.

Manyazi atandigwira ndinati ndifutse ndekha, pamene agogo anu anali ku maliro kwawo. Ndinawiritsa nkhwani mpaka kufewa ngati phala, ndinayanika pachiguduli pansi, nkhuku zinapalasa theka lake, ndipo wotsalawo ndinaumanga m'jumbo usanaume bwino. Patatha milungu iwiri unali utachita chuku. Safunsa anadya phula. Atabwerako anandikhazika pansi ngati mwana wa Sitandade 1, ndipo zimene anandiphunzitsa ndikuzilemba pano kuti zisatayike.

Masamba ofutsa amathyoledwa anthete, opanda mbozi. Nkhwani amausadzula kaye, ndiye kuti kuchotsa ulusi wa m'mapesi. Akatsuka amawaviika m'madzi owira kale, othira kamchere pang'ono, kwa mphindi zochepa chabe, kuti angofota osati kupsa. Kuwiritsa kumeneku kumaimitsa zinthu za m'tsamba zimene zimapitiriza kuliwononga ngakhale litathyoledwa, n'chifukwa chake mfutso wofutsidwa bwino umasunga mtundu ndi kukoma. Kenako amayanika pamphasa yoyera, pathandala, kutali ndi nkhuku ndi mbuzi, ndipo amatembenuza kufikira masamba atauma moti ukawafinya m'manja amafumbutuka. Pomaliza amawakulunga m'masamba a msuku, n'kumanga ndi luzi, n'kupachika m'khitchini momwe utsi umathamangitsa tizilombo ndipo chinyontho sichifika. Jumbo imatsekera chinyontho m'kati, pamene masamba a msuku amalola mpweya kudutsa. Apa ndi pamene ine mphunzitsi wamkulu ndinalepherera mayeso.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mutsutsa. Mudzati kuyanika padzuwa kumachotsa mavitamini, ndiponso mfutso umatola fumbi ndi ntchentche. Mukunena zoona. Vitamini C amachepa kwambiri masamba akawiritsidwa n'kuyanikidwa, ndipo dzuwa lamphamvu limawononganso gawo la zimene thupi limapangira vitamini A. Koma mankhwala ake ndi kufutsa bwino: kuwiritsa pang'ono, kuyanika pamthunzi podutsa mphepo, ndi kufunditsa kansalu kopyapyala. Mchere wa m'thupi monga ayironi ndi kashiamu suuluka ndi dzuwa, umatsala m'tsambamo. Ndipo tisayerekeze mfutso ndi masamba aawisi a m'Febuluwale. Tiuyerekeze ndi mbale yopanda ndiwo ya m'Okutobala. A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo masamba ndi gulu limodzi mwa amenewo. Thupi silipita kutchuthi m'chilimwe.

Ena amati mfutso ndi ndiwo ya amphawi. Mawu amenewa ndi amene amandipweteka kwambiri. Makolo anga ankasimba za njala ya 1949, ine ndinaona ya 2002 ndi maso anga, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Zaka zoterozo zimabwera mosapangana ndi munthu, pakuti chakudza sichiimba ng'oma. Mfutso pawokha suthetsa njala, koma banja limene lili ndi zikwatu kudenga, makaka m'thumba ndi mtedza m'nkhokwe siligulitsa mbuzi kuti ligule ndiwo. Kandalama kochepa kamene lili nako limagulira chimanga. Kusunga kotereku si umphawi, ndi ulemu wa pakhomo.

Firiji sindinaitaye. Ndi yabwino kusungiramo mkaka ndi nsomba, ndipo madzi ozizira ndimawakonda. Chimene ndinataya ndi mwano. Maganizo anga ndi akuti mwana aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, asamamalize sukulu ya pulayimale asanafutseko masamba ndi manja ake, ndipo ntchito imeneyi isasiyidwe kwa aphunzitsi okha. M'mera mpoyamba. Ndimadandaula kuti pa zaka zonse zimene ndinayang'anira dimba la sukulu, ndinaphunzitsa ana kudzala ndi kukolola, koma kusunga ndinakuiwala.

Choncho adzukulu anga, mukabwera pa tchuthi cha Pasaka masamba adzakhala akadalipo m'munda. Musabwere ndi mafoni okha. Agogo anu akonza kale mphasa ndi luzi, ndipo ine ndidzakhala m'kalasi momwemo, pa benchi yakumbuyo, pakuti nanenso chikwatu changa chimamasukabe ndikachipachika. Wa chisa cha mbalame uja ndiye adzayambe kumanga.

Tsalani bwino, tidzachezanso.