Mayi ayezedwe magazi, jakisoni apezeke

Mkulu wina wa ku Australia, James Harrison, adatsikira kulichete mu 2025 ali ndi zaka 88, ndipo ife tikuvula chisoti polemekeza munthu amene, kwa zaka zoposa 60 kufikira 2018, adatambasula mkono wake ka 1,173 kupereka magazi, momwe madokotala ankatengamo mankhwala a anti-D opulumutsa makanda osawerengeka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, adatero makolo, ndipo mkuluyu adawakonda ana amene sadawaone ndi maso.

Pamene mayi wa magazi a Rh negative ayembekezera mwana wa Rh positive, wotengera atate wake, chisamba chimabadwa bwino kawirikawiri. Koma magazi a awiriwa akakhudzana pochira kapena popita padera, thupi la mayi limasula zida zimene pa pathupi potsatira zimaphwanya magazi a mwana, kotero kuti amatupa ali m'mimba, kapena kubadwa ndi chikasu chowononga ubongo. Ngakhale William Liley wa ku Auckland adaonetsa mu 1963 kuti mwana wosabadwa angathe kuikidwa magazi, ntchitoyo imafuna akatswiri ndi makina, ndiponso nthawi zina imaswetsa nsupa, kuyambitsa matenda masiku asanakwane, ngakhale kutayitsa mwanayo. Pamene jakisoni wa anti-D, wobayidwa pasanathe maola 72 mayi atachira, amatseka khomo tsoka lisanalowe.

Tikudziwa kuti amayi a magazi oterewa ngochepa kuno kwathu, ndi kuti mankhwalawa ngokwera mtengo. Koma kodi kuchepa kwawo ndi mlandu woti alipe ndi ana awo? Tidanena kale pa tsamba lino, ndipo sitidzatopa kunena, kuti chipatala chopanda mankhwala ndi chipongwe kwa wodwala. N'zamanyazi kuti mayi ayende kusikelo miyezi yonse, nabwerera ndi buku lopanda mzere wonena gulu la magazi ake. Ndipo n'zoipa koposa kuti akaika kansenye kachiwiri ndi kachitatu, apongozi amuloze chala, kumunena za ufiti kapena chigololo, iye wosalakwa konse.

Inu akuluakulu a zaumoyo, lekani kuzengereza: mayi aliyense ayezedwe magazi tsiku loyamba la sikelo, ndipo jakisoniyu asasowe m'zipatala za maboma. Inunso amayi, funsani gulu la magazi anu, ndipo muonetsetse kuti anamwino alemba m'buku.