Nyumba Imamangidwira Nyengo ya Kwawo

Mphunzitsi aliyense amene anagwirapo ntchito ku Chigwa cha Shire amadziwa zimene zimachitika m'kalasi yofolera ndi malata m'mwezi wa Okutobala. Dzuwa likangofika paliwombo ana amayamba kuwodzera, thukuta lili kamukamu, ndipo phunziro limakathera pansi pa mtengo. Mnzake wa ku Dedza ali ndi dandaulo lina, pakuti m'mwezi wa Juni ana amavutika kugwira pensulo chifukwa cha chisanu. Chodabwitsa n'chakuti kawirikawiri makalasi awiriwa amamangidwa mofanana.

Masiku ano akatswiri a zomangamanga amatha kuyesa nyumba pa kompyuta asanakumbe maziko. Pulogalamu ya EnergyPlus, imene inatuluka ku America m'chaka cha 2001, imawerengera m'mene chipinda chidzatenthere ola lililonse, ndiponso magetsi amene adzafunike pochiziziritsa. Koma kompyutayo payokha sidziwa nyengo. Iyenera kupatsidwa mbiri ya maola onse 8,760 a m'chaka: kutentha, chinyezi cha mumpweya, mphepo ndi mphamvu ya dzuwa. Mbiriyo ikakhala yolakwika, yankho lake limakhalanso lolakwika, ngakhale litalembedwa mokongola chotani. Tsono posankha mbiriyi pali mafunso atatu.

Loyamba ndi la malo. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera polekezera nyanja yamchere, pamene Nsanje sifika ndi mamita 100 omwe. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Choncho katswiri amene watenga mbiri ya ku Lilongwe poyesa kalasi ya ku Nsanje, chifukwa chakuti ndiyo yapezeka msanga, wayesa kalasi ina, osati imene anawo adzakhalemo.

Lachiwiri ndi la mtundu wa chaka. M'chaka cha 1978 akatswiri a ku Sandia, ku America, anakonza njira yosankhira miyezi 12 kuchokera m'zaka zambiri, Januwale wa chaka china, Febuluwale wa chaka chinanso, aliyense wosapitirira muyeso, n'kuilumikiza kukhala chaka chimodzi. Chaka choterechi n'chabwino powerengera magetsi, koma chimasiya dala miyezi yachilendo. Komatu mwana wa ku Ngabu savutika ndi mwezi wapakatikati. Amavutika ndi masiku amene kutentha kumapyola madigiri 40. Kalasi iyenera kuyesedwanso ndi chaka chotentha koposa.

Lachitatu ndi la ukale wa mbiriyo. Bungwe loona za nyengo padziko lonse limagwiritsa ntchito zaka 30 pofotokoza nyengo ya malo, ndipo muyeso watsopano ndi wa 1991 mpaka 2020. Dziko likunka litentha: chaka cha 2024 chinaposa zaka zonse za m'mbuyo mwake zimene zinalembedwa. Kalasi yomangidwa lero idzagwira ntchito zaka makumi angapo, ndipo si nzeru kuiyesa ndi nyengo imene agogo anakuliramo.

Ena amati masetilaiti anathetsa vutoli, popeza amapereka mbiri ya malo alionse. N'zoona kuti amathandiza kumene kulibe malo oyezera nyengo, koma manambala awo amafunika kuwayerekeza ndi zimene zayezedwa pansi. Pa chifukwa chimenechi, munthu amene amawerenga zida zoyezera nyengo tsiku ndi tsiku ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Makhanga ndi mmisiri woyamba wa nyumba, ngakhale sagwira njerwa.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Makomiti a sukulu asachite manyazi kufunsa wojambula pulani kuti nyengo imene waganizira ndi ya kuti, ndiponso ya zaka ziti. Aphunzitsi nawo azoloweretse ana kulemba kutentha kwa m'kalasi ndi kwa panja tsiku lililonse. Kope lotere, likasungidwa bwino, lidzakhala mboni ya ana pa tsiku lokambirana za kalasi yatsopano.