Za Umoyo Wathu: Mahomoni ndi anyamata onyamula zitsulo ku Harare

Munthu woyenda m'mamawa m'makwalala a Mbare, Mufakose, Highfield kapena Mabvuku, kumene kuli mabanja ambiri ochokera ku Malawi, amamva kulira kwa zitsulo kuseri kwa nyumba. Anyamata amathira simenti m'zitini za penti, n'kulowetsa paipi pakati, basi malo olimbitsira thupi akwana. Kukonda nyonga si kwa lero, pakuti ku Mbare n'kumene kunachokera Proud "Kilimanjaro" Chinembiri, ngwazi ya nkhonya ya Africa m'zaka za m'ma 1980. Chachilendo ndi dzina limene lalowa m'kamwa mwa anyamatawa: testosterone. Amene akatumba ake akuchedwa kutuluka amauzidwa kuti homoni imeneyi ikumuchepera, ndipo posakhalitsa wina amamunong'oneza za mapiritsi kapena jakisoni.

Mahomoni ndi timadzi timene thupi limapanga lokha n'kutithira m'magazi kuti tinyamule uthenga kupita ku ziwalo. Testosterone imapangidwa makamaka m'machende, ndipo ndiyo imameretsa ndevu ndi kutambasula mapewa mnyamata akatha msinkhu. Amayi nawo ali nayo, koma yochepa kwambiri. Palinso homoni yokulitsa thupi, imene imatuluka yochuluka munthu akagona tulo tofa nato, ndi ina yotchedwa cortisol, imene imakwera chifukwa cha nkhawa, njala kapena kutopa kopanda mpumulo. Ikakhalitsa m'mwamba imadya minofu.

Funso ndi lakuti, pakati pa anyamata awiri athanzi, kodi amene ali ndi testosterone yochulukirapo ndiye adzapose mnzake? Akatswiri a pa yunivesite ya McMaster ku Canada anafufuza zimenezi mwa amuna 49 amene ananyamula zitsulo kwa masabata 12. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2016, zinasonyeza kuti kuchuluka kwa mahomoni m'magazi mwawo sikunagwirizane ndi mmene minofu kapena mphamvu zawo zinakulira. Malinga mlingo uli woyenera, chimene chimakulitsa mnofu ndi katundu amene ukusenza, wowonjezedwa pang'onopang'ono, pamodzi ndi chakudya ndi mpumulo. N'chifukwa chake amayi nawonso amalimba msanga akayamba kunyamula, monga angachitire umboni aliyense amene anaona mayi akutula thumba la mbatata pa Mbare Musika.

Komabe munthu angathe kudzigwetsera yekha mlingowo. Mu 2011, ofufuza a pa yunivesite ya Chicago anapeza kuti anyamata amene anagona maola 5 okha usiku uliwonse kwa sabata imodzi, testosterone yawo inatsika ndi 10 mpaka 15 peresenti. M'madera athu ano, kumene banja lonse limagona m'chipinda chimodzi ndipo mzere wa pamjigo umayamba kusanache, tulo timaperewera popanda wotiwerengera. Mowa wambiri nawo umaitsitsa. Chimodzimodzinso codeine wa m'mankhwala a chifuwa a BronCleer, amene achinyamata ena amamwa ngati thobwa. Mnyamata wonyamula zitsulo m'mawa n'kumwa "bronco" madzulo akutunga madzi ndi dengu.

Ndalama za mapiritsi ongoti amawonjezera mphamvu, ine ndikuona kuti n'kwabwino kugulira matemba, nyemba, soya, mazira ndi nsinjiro. Nsima yokha ndi masamba imapereka nyonga ya tsikulo, koma mnofu umamangidwa ndi mapuloteni.

Za jakisoni tinene mosabisa: amagwiradi ntchito, ndipo n'chifukwa chake ali oopsa. Thupi likaona testosterone yochokera kunja limaleka kupanga yake. Machende amafota, mbewu ya abambo imachepa mpaka banja kusowa mwana, magazi amathamanga, mtima umawonongeka, ndipo ena amamera mabere. Kubwerekana singano kumafalitsanso HIV ndi matenda a chiwindi.

Alangizi azaumoyo ndi atsogoleri a magulu a achinyamata asawaletse anyamatawa zitsulo zawo, koma awafunse maola amene amagona, zimene amadya ndi zimene amamwa. Alipo ndithu amuna ena amene testosterone yawo ndi yotsikadi chifukwa cha matenda, monga shuga kapena kunenepa kwambiri. Oterowo amafooka nthawi zonse ndipo chilakolako cha m'banja chimawathera. Amenewa apite kuchipatala akayezedwe magazi, ndipo akayezedwe m'mawa, poti ndiyo nthawi imene homoniyi imakhala yochuluka m'thupi.