Lamulo la zovala zamasewera litsatire fizikisi, osati mtengo

Chaka chatha mu Okutobala, mnyamata wina wa Fomu 2 anagwa pabwalo tili mkati mwa pulakatisi ya mpira. Anali atavala juzi yakuda, mkati mwake muli malaya a yunifolomu. Atatsitsimuka ndinamufunsa chifukwa chake. Yankho lake: "Sala, amati wopanda jezi yeniyeni asabwere, ndiye ndimabisa malayawa."

Tamvani fizikisi yake. Thupi lanu limafuna kukhala pa madigiri 37. Mukamathamanga, mphamvu zambiri zimene minofu ikugwiritsa ntchito zimasanduka kutentha, ndipo njira yaikulu yokuchotsera ndi thukuta. Koma thukuta longoyenderera siliziziritsa munthu. Limaziziritsa likamauma n'kupita mumpweya, chimene m'kalasi timati evaporation. Lita imodzi ya thukuta ikauma imachoka ndi makilojulo pafupifupi 2,400 a kutentha. Juzi imatsekereza mpweya, thukuta osauma. Komanso nsalu yakuda imamwa kuwala kwa dzuwa kuposa yoyera. Mnyamata uja ankadziphika yekha. Inu amene mumavala jekete kapena pulasitiki ati kuti muonde, dziwani kuti mukutaya madzi, osati mafuta.

Pano pa Zomba tilinso ndi vuto lina. Tawuni ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene nsonga ya phiri imapitirira mamita 2,000. Mukakwera mamita 1,000, mpweya umazizirirapo ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye mukathamanga kukwera ku Ku Chawe mu Juni, chiperoni chikuwomba, mumafika malaya ali chonyowa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya ka 20 n'kupitirira. Juzi ija ntchito yake ndi imeneyi: muinyamule, muivale mukaima, mutavula malaya onyowawo.

Nanga ndolo, mphete ndi mawotchi? Kumbukirani kuti pressure ndi mphamvu kuigawa ndi kukula kwa malo amene ikugwerapo. Kawaya ka ndolo n'kakang'ono kwambiri, choncho mnzanu akangokakoka pang'ono, khutu lang'ambika. N'chifukwa chake malamulo a mpira wamiyendo amaletsa zodzikongoletsera zonse, ndipo ku netibo oyimbira amayang'ana zikhadabo masewera asanayambe. Zotchinga miyendo zimachita zosiyana: zimamwaza mphamvu ya kiki pamalo aakulu kuti fupa lisalandire yonse pamalo amodzi. Mapatapata nawo ayi ndithu, sagwira phazi, ndipo pa udzu wonyowa amaterera.

Maganizo anga ndi awa. Sukulu iliyonse ikhale ndi lamulo la zovala zamasewera, koma lamulolo linene zimene chovala chiyenera kuchita, osati mtengo wake. Chikhale chopepuka, chowala, cholowa mpweya, chopanda zitsulo. Tisheti ya pa kaunjika ikukwanira. Ena amati jezi zofanana zimabweretsa mwambo ndi ulemu wa sukulu. Zoona, pa tsiku la mpikisano. Koma lamulo limene likuchititsa mwana kubisala mu juzi dzuwa likuswa mtengo lalephera ntchito yake, chifukwa linaikidwa kuti limuteteze.

Pitani mukawerenge lamulo la pasukulu panu. Ngati likunena za mtundu wa jezi koma osatchula kutentha, madzi akumwa ndi ndolo, kambiranani ndi aphunzitsi a zamasewera. Pitani ndi manambala ali pamwambawa.