Malonda a mandasi ali pakamwa pa wogula

Lero ndati tikambirane za bizinesi yomwe achinyamata ambiri omaliza Fomu 4 ayamba m'matauni mwathu muno: kuphika mandasi, samusa, zitumbuwa, zigege kapena chipisi kunyumba, n'kumatumiza kwa ogula pa kabaza. Maganizo anga ndi akuti chuma chenicheni cha bizinesi imeneyi ndi zomwe ogula amauzana pa foni, ndipo ambiri mwa inu simukuchisamala mokwanira.

Taonani mmene zimayendera. Mu 2017 WhatsApp inayambitsa Status, ija imazimiririka pakatha maola 24. Status yanu amaiona ndi anthu okhawo amene muli ndi nambala zawo, iwonso ali ndi yanu. Ndiye mukajambula samusa zanu m'mawa uliwonse, oziona ndi omwewo: azakhali, anzanu a kutchalitchi, ndi omwe munali nawo kalasi imodzi. Koma wogula akajambula n'kulemba kuti "izi ndiye samusa", chithunzicho chimafika kwa anthu amene inu simukuwadziwa n'komwe. Tiyerekeze kuti wogulayo ali ndi anthu 150 mu foni mwake. Atatu okha akapempha nambala yanu, mwapeza msika watsopano osalipira ngakhale tambala. Ndipo anthu amakhulupirira mnzawo kuposa wogulitsa, chifukwa mnzawoyo sapindula kanthu potamanda mandasi a munthu wina.

Zimenezi zatheka chifukwa zinthu zingapo zakumana. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba ya TNM mu 2013, kotero munthu wa ku ofesi ku City Centre atha kulipira mayi wa ku Area 25 asanaonane maso ndi maso. Njinga zamoto za kabaza zadzadza m'misewu. Ndiyeno mu 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, anthu ambiri anazolowera kuitanitsa zinthu pa foni. Kale mbiri ya mayi wa zitumbuwa inkathera pa geti ya sukulu. Masiku ano imadutsa mtsinje wa Lilongwe nthawi ya tiyi isanakwane.

Komatu akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Njira yomwe imanyamula chitamando ndi yomweyonso imanyamula madandaulo, ndipo madandaulo amathamanga kwambiri. Gulu limodzi la WhatsApp litha kukhala ndi anthu opitirira 1,000. Munthu mmodzi akalembamo kuti wadwala m'mimba atadya chipisi chanu, bizinesi ya zaka ziwiri itha kugwa tsiku lomwelo. Amalawi sanaiwale kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe inapha anthu oposa 1,700. Choncho madzi aukhondo, mafuta osabwerezabwereza ndi chotengera chovindikira bwino ndiwo malonda anu oyamba.

Pali chiyeso china. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ufa, shuga ndi mafuta ophikira zinakwera mtengo. Ogulitsa ena anasankha kuchepetsa mandasi mwakachetechete, koma pa Status n'kumaikabe chithunzi chakale. Ana anga, wogula ali ndi maso, alinso ndi kamera. Kuli bwino kunena poyera kuti mtengo wakwera chifukwa cha ufa. Munthu amadandaula pang'ono n'kugulabe. Koma akaona kuti mwamupusitsa amachoka, ndipo amapita ndi anzake onse aja anawabweretsa.

Ena adzati, nanga bwanji osangouza abale kuti azitamanda, kapena kulipira munthu wotchuka pa Facebook kuti akulengezereni? Kulipira wotchuka kumabweretsadi maoda sabata yoyamba, sindikana. Koma ngati khitchini yanu ili ndi mbaula imodzi, maoda 60 tsiku limodzi adzakuchititsani manyazi: zakudya zidzafika mochedwa, zozizira, ndipo mwagula mbiri yoipa ndi ndalama zanu zomwe. Za abale otamanda mwachinyengo, anthu sachedwa kuzindikira kuti oyamikira onse ndi a banja limodzi.

Tsopano kwa ife aphunzitsi. M'masitafu rumu ambiri muli chizolowezi chotenga zinthu pa ngongole, "tidzaonana malipiro akatuluka". Mwana amene tinamuphunzitsa sangatikanize, amatiopa ndi kutilemekeza. Koma mpamba wake ndi wa tsiku limodzi: ndalama ya mandasi a lero ndiyo igule ufa wa mawa. Tikafuna kumuthandiza, tilipire pompo, ndipo ngati zakoma titumize nambala yake ku gulu la aphunzitsi. Ngati china chalakwika, timuuze ku inibokisi kaye tisanalembe pagulu, monga momwe timaitanira mwana pambali m'malo momunyoza pa asembule.

Ndipo inu ophunzitsa Business Studies, phunziro la kutsatsa malonda lisamathere pa wailesi, nyuzipepala ndi zikwangwani. Ambiri mwa ana athu sadzakhala ndi ndalama yolipira wailesi. Chomwe adzakhale nacho ndi foni, mbaula, ndi dzina lawo. Tiwaphunzitse kuwerengera phindu atachotsa ya kabaza ndi ya bandulo, komanso kuyankha wogula wokwiya mwaulemu.