Ana athu a ku Doha, kugula pa sale si kusunga ndalama

Pali bodza lomwe lazika mizu pakati pa achinyamata athu kuno ku Doha, loti munthu akagula chinthu chotsitsidwa mtengo ndiye kuti wapulumutsa ndalama. Mukayenda mu Al Sadd, kuchokera ku Royal Plaza mpaka ku Al Asmakh Mall, magalasi a masitolo amakhala atamatidwa manambala akuluakulu, makamaka nyengo ya Shop Qatar ndi White Friday ya mu Novembala. Ambiri a inu mumatulukamo ndi majumbo m'manja monse, n'kumadzitama kuti mwachenjera. Ine ndikuti mwakodwa.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tiyerekeze mahedifoni olembedwa kuti anali 400 riyal, pano ali 250. Ngati simunawafune musanalowe m'sitolomo, palibe 150 yomwe mwapulumutsa. Mwataya 250. Ndalama imeneyo ndi maulendo 125 a pa metro, poti ulendo umodzi ndi 2 riyal. Ndiponso ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro otsikitsitsa a m'dziko muno, 1,000 riyal pamwezi, omwe adayamba kugwira ntchito mu 2021. Pali anthu mu Doha momwemu amene amakhetsa thukuta sabata yathunthu kuti aipeze.

Ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndiye za pa foni musandinamize. Kawotchi kowerengera mphindi zotsala kaja, ndi mawu oti zatsala ziwiri zokha, munthu wodziwa amazilemba m'mizere yochepa ya kodi. Ntchito yake ndi kukuthamangitsani kuti mulipire musanaganize. Mtengo wakale wodulidwa mzere uja amauika kuti watsopanowo uoneke waung'ono. Mukafika polipira, mpamene amakuonjezerani warranty yapadera, kava ya foni, kapena kukuuzani kuti mugulenso kanthu kuti delivery ikhale yaulere. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tizinthu tolipira mwezi ndi mwezi ndiye timadya mwakachetechete. Ma subscription atatu a 40 riyal iliyonse ndi 1,440 riyal pachaka, pafupifupi madola 400, poti dola imodzi idakhazikika pa 3.64 riyal. Afunseni amayi anu za banyira wa mumsika wa Limbe: wogulitsa amakuonjezera tomato pamulu womwe unabwerera kudzagula. “Gulani ziwiri, yachitatu yaulere” ndi nkhani ina, chifukwa amayamba wakugulitsani yachiwiri yomwe simunaifune.

Ndikudziwa yankho lanu. Mumati ndalama ndi zanu, kuno malipiro sadulidwa msonkho, ndipo simukufuna kukhala ngati makolo anu omwe amadzimana chilichonse kuti amange nyumba ku Area 49 kapena ku Mangochi, nyumba yomwe amagonamo milungu itatu pachaka. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo palibe akukuletsani kudya zabwino kapena kuvala bwino. Koma musaiwale pomwe mwaima. Kubadwira ku Hamad kapena kukulira mu Al Sadd sikukupatsani unzika wa Qatar. Chilolezo chanu chokhala kuno chamangirika pa ntchito ya bambo kapena mayi anu, mawa chidzamangirika pa yanu. Mlendo salandira penshoni ya boma. Chomwe lamulo la ntchito la 2004 limatsimikizira ndi malipiro a milungu itatu pa chaka chilichonse chomwe mwagwira. Ntchito ikatha, chokuchirikizani ndi chomwe mudasunga. Chakudza sichiyimba ng'oma.

Choopsa kwambiri ndi kugula sale pa ngongole, kaya pa khadi la banki kaya pa njira yolipira pang'onopang'ono. Kuno ngongole yosabwezedwa ikafika kukhoti, munthu atha kuletsedwa kutuluka m'dziko. Taganizani maliro a agogo akuchitika kumudzi, inu mukukanika kukwera ndege chifukwa cha foni ndi nsapato. Kumudziko kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero riyal yomwe mukuiseweretsayo ikafika m'manja mwa msuweni wanu imalipira fizi.

Chitani izi. Tsiku lolandira, patulani zosunga musanagule kalikonse. Lembani zofunika musanapite ku mall, ndipo chomwe mulibe pamndandanda chidikire masiku awiri. Mukachifunabe, kachiguleni. Usiku uno tsegulani app ya banki, muone zonse zomwe zimadula zokha mwezi ndi mwezi, mutseke zomwe simunagwiritse ntchito mwezi wathawu. Mukaona sitolo yakweza mtengo dala kuti idzautsitse monamizira, lamulo loteteza ogula la 2008 lili kumbali yanu: imbani 16001 ku unduna wa zamalonda, mukadandaule.