Maola 7 mu Maputo: sankhani zochepa, yendani wapansi



Ambiri mwakhala mukundifunsa za ulendo wa pa sitima yapamadzi uja tidayenda ndi mayi akunyumba pa tchuthi cha Disembala 2019, pamene mwana wathu woyamba amene amagwira ntchito ku Durban adatigulira matikiti. Mafunso anu ambiri ndi a zakudya ndi a chizungulire, ngati munthu amasanza kapena ayi. Zimenezo tidzakamba tsiku lina. Lero ndikufuna ndikambe za tsiku limodzi lokha, tsiku limene sitima idaima pa doko la Maputo. Tidaloledwa kutsika cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndipo adatiuza kuti pofika 4 koloko masana aliyense akhale atakwera. Maola 7 basi, mumzinda umene mwina sindidzaupondanso.

Ndikulemba chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka amene muli ku Joni, mukusunga ndalama kuti mudzatengere makolo anu pa ulendo wotere. Ndalama zake si zamasewera, ndipo kwa mphunzitsi ngati ine ulendo wotere umabwera kamodzi pa moyo. Tsiku la pa doko ukaliwononga, walitaya basi.

M'mawa umenewo ndidaona magulu atatu a anthu. Gulu loyamba silidatsike n'komwe. Adati kunja kukutentha, chakudya cha m'sitima adalipira kale, ndiye atsikirenji. Gulu lachiwiri lidalipira ulendo wa basi wokonzedwa ndi a sitima, wozungulira mzinda wonse. Gulu lachitatu, lomwe tidali ife, lidatuluka pa geti la doko wapansi.

Maganizo anga ndi awa: ngati miyendo yanu ili bwino, ndipo doko lili pafupi ndi pakati pa mzinda monga liliri la Maputo, sankhani malo atatu okha, muwerenge za malowo musananyamuke kwanu, muyende wapansi, ndipo mubwerere ku sitima kudakali ola lathunthu. Amene afuna kuona mzinda wonse m'maola 7 amabwerako ndi zithunzi zambirimbiri mu foni koma m'mutu mulibe kanthu. Akuluakulu adanena kale kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Ndikuuzeni mmene ife tidayendera, kenako muweruze nokha.

Ukangotuluka pa doko umafika pa bwalo lotchedwa Praça dos Trabalhadores, ndipo pomwepo pali siteshoni ya sitima yapamtunda, nyumba yobiriwira ndi yoyera ya denga lozungulira ngati chipewa. Idatsegulidwa mu 1910 ndipo ntchito yake yonse idatha mu 1916. Anthu ambiri amati adaikonza ndi Gustave Eiffel, mwini nsanja ya ku Paris, koma si zoona, adaijambula ndi akatswiri a ku Portugal. Mkati mwake adaimikamo mitu yakale ya sitima zoyendera malasha. Njanji yochokera pano kupita ku Pretoria idatsegulidwa mu 1895, ndipo ndi imene idakuza mzindawu, umene nthawi imeneyo unkatchedwa Lourenço Marques. Dzina loti Maputo lidabwera mu 1976, dziko litalandira ufulu mu 1975. Pa njanji imeneyi padadutsa amuna osawerengeka a ku Mozambique popita ku migodi ya golide. Ndidakhala pa benchi la pa siteshoni mphindi makumi awiri, ndikukumbukira amalume anga amene adapita ku Wenela n'kubwerako ndi bulangeti, wayilesi ndi chifuwa. Iwo sadadzere pano, koma migodi yake idali yomweyo.

Pakati pa bwalolo pali chipilala cha mzimayi wamwala, njoka ili pambali pake. Adachimanga pokumbukira asilikali, akuda ndi oyera, amene adafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. A basi adachidutsa ali pa liwiro. Ine ndidaima, chifukwa chaka chilichonse ndimaphunzitsa za John Chilembwe, amene kumapeto kwa 1914 adalemba kalata yodandaula kuti Aafirika akufa pa nkhondo yosawakhudza, asanaukire atsamunda mu Januwale 1915. Ndidali ndisanaganizepo mozama kuti anansi athu nawonso adalira maliro a nkhondo yomweyo pansi pa mtsamunda wina.

Kuchoka apo tidayenda pang'onopang'ono m'misewu yakale ya kumunsi kwa mzinda, komwe amati Baixa, mpaka pa linga la miyala yofiira lotchedwa Fortaleza de Maputo. Apa ndi pamene ndidadzera. Ana anga a Fomu 2 akale mukukumbukira mmene ndinkakuvutitsirani ndi nkhani ya Mfecane. Soshangane ndi Zwangendaba onse adathawa nkhondo za Shaka n'kulowera kumpoto. Atakangana, Zwangendaba adapitirira ndi anthu ake n'kuwoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene kadamsana adaphimba dzuwa, ndipo zidzukulu zake ndi Angoni a M'mbelwa ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata. Soshangane adatsala n'kukhazikitsa ufumu wa Gaza kumwera kwa Mozambique. Mdzukulu wake Ngungunhane ndiye adali mfumu yomaliza. Apwitikizi motsogozedwa ndi Mouzinho de Albuquerque adamugwira ku Chaimite mu Disembala 1895, adapita naye ku Lisbon, ndipo adamwalira ku zilumba za Azores mu 1906. Mu 1985 boma la Samora Machel lidachita mwambo womubwezera kwawo, ndipo bokosi lake lamtengo losemedwa mwaluso lili m'lingali. Pabwalo la linga lomwelo pali chiboliboli cha Mouzinho ali pa hatchi. Kale chidali pa bwalo lalikulu la mzinda, koma adachichotsa dziko litalandira ufulu. Wogwira ndi wogwidwa akukhala mpanda umodzi.

Ndidakhala m'lingamo pafupifupi maola awiri. Zaka zoposa makumi awiri ndidalemba dzina la Soshangane pa bolodi ndi choko, ana n'kumaliloweza kuti akhoze mayeso, ine mwini osadziwa kuti tsiku lina ndidzaima pafupi ndi bokosi la mdzukulu wake. Gulu la pa basi lidafika ife tili momwemo. Adapatsidwa mphindi zochepa, adajambulitsa pa mizinga, wotsogolera adawomba m'manja, onse adathamangira ku basi. Bambo wina adandifunsa akutuluka kuti bokosilo ndi la ndani. Ndisanamalize kuyankha, basi idaliza hutala.

Malo athu achitatu adasankha ndi mayi akunyumba: msika waukulu, Mercado Central, pa msewu wa Avenida 25 de Setembro, womwe uli panjira yobwerera ku doko. Kumeneko iwo ndiwo adali mphunzitsi, ine mwana wasukulu. Adagula mtedza wa mbibu, tsabola wa piripiri ndi zitenje ziwiri, zomwe kumeneko amati capulana. Musayembekezere kumva Chichewa ku Maputo. Abale athu olankhula Chinyanja ali ku Tete ndi ku Niassa, kutali kumpoto. Kuno ndi Chipwitikizi, Chironga ndi Chishangani. Koma ndi mawu atatu okha amene tidaloweza m'sitima, bom dia, quanto custa ndi obrigado, kuphatikiza zala zowerengera, malonda adatheka. Mayi wina wogulitsa atamva kuti ndife a ku Malawi adatiuza, mothandizidwa ndi mwana wake wodziwa Chingerezi, kuti mlamu wake adakhala ku Nsanje nthawi ya nkhondo. Nkhondo imeneyo idatha mu 1992, ndipo dziko lathu lidasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni. Adationjezera mbibu dzanja limodzi osalipira. Mbasela yoteroyo ndi ya oyenda wapansi.

Tidadya nkhomaliro titakhala pansi osathamanga, ndipo pofika 3 koloko tidali m'sitima, tikuyang'ana mlatho wa Maputo–Katembe umene udatsegulidwa mu Novembala 2018.

Tsono ndivomere zimene tidasiya. Sitidakwere mtunda kupita ku Praça da Independência kukaona chiboliboli chachikulu cha Samora Machel chimene adachiimika mu 2011, kapena tchalitchi chachikulu choyera cha Akatolika cha 1944. Sitidaone Casa de Ferro, nyumba ya chitsulo chokhachokha ya 1892 imene bwanamkubwa adakanika kukhalamo chifukwa cha kutentha. Sitidapite kunyanja ya Costa do Sol. A pa basi adaziona zonsezi, ndipo madzulo pa chakudya ankationetsa zithunzi. Sindikana, mtima udandipweteka pang'ono. Koma nditawafunsa kuti nyumba yachitsulo ija adaimangira ndani, onse adayang'anizana. Wina angasankhe malo atatu osiyana ndi anga, mwina mphunzitsi wa Biology angapite ku nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe. Sindikuti malo anga ndiwo abwino. Ndikuti akhale ochepa, ndipo akhale malo amene ali ndi chokuuzani inuyo.

Mnzanga wina wa pa sitafu nditamufotokozera zimenezi adanditsutsa, ndipo mfundo zake si zachabe. Choyamba adati ulendo wa basi uli ndi chitetezo. Izi n'zoona, ndipo chachikulu ndi ichi: basi ya a sitima ikachedwa, sitima imadikira, koma iwe woyenda pawekha ukachedwa, imakusiya. Ukatsala pa doko, kupeza njira yobwerera ku Durban ndi udindo wako ndi thumba lako, katundu wako ali panyanja. Ndidaona ndi maso anga banja lina limene lidakwera takisi kupita kukadya nsomba kutali m'mbali mwa nyanja. Pobwerera adapeza magalimoto atathithikana, ndipo adafika akuthamanga, thukuta lili kamukamu, antchito akukonzeka kuchotsa makwerero, anthu pamwamba akuwakuwiza ngati mpira. Koma taonani, amene adatsala pang'ono kusiyidwa ndi amene adapita kutali pa galimoto. Ife oyenda wapansi sitidatalikire doko kuposa mphindi makumi awiri, ndipo miyendo sidziwa mdipiti wa magalimoto.

Chachiwiri adati si onse ali ndi mphamvu zoyenda padzuwa la Disembala. Apanso ndikuvomera. Ngati mwatenga agogo a nyamakazi kapena a BP, alipirireni basi, musawazunze chifukwa cha nkhani yanga. Komanso pali madoko ena amene ali kutali ndi mzinda, kumene wapansi sungafike kulikonse. Funsani zimenezi musanatsike. Safunsa adadya phula.

Chachitatu adati munthu ali pa tchuthi, bwanji kumupatsa homuweki yowerenga? Apa pokha ndiye sindigonja. Sindikunena za kuwerenga buku lonse. Madzulo amodzi pa intaneti, kapena buku la History lomwe lili kale mu laibulale ya pasukulu, n'zokwanira. Linga lija kwa munthu wosawerenga ndi mpanda wa miyala ndi mizinga ya dzimbiri. Maola ako pa doko ndi ochepa, ndiye ntchito yodziwa chimene ukukaona uigwire uli kwanu kumene nthawi ili yambiri.

Kwa amene mudzapite, nawa malangizo ochepa amene ndidawayesa ndekha. Tsikani m'mawa msanga kusanatenthe. Lembani papepala nthawi yomaliza kukwera, ndipo mudziikire yanu yocheperapo ndi ola limodzi. Nthawi ya ku Maputo ndi yofanana ndi ya ku Durban ndi ya kwathu kuno, koma m'madoko ena imasiyana, choncho tsatirani wotchi ya m'sitima. Tengani khadi lanu la m'sitima ndi chiphaso, botolo la madzi, chipewa ndi nsapato zimene mudazizolowera kale. Ndalama ya kumeneko ndi metical. Tengani zochepa zosinthasintha, ndipo musaike zonse thumba limodzi. Foni isamangokhala m'manja, monga mmene simungachitire mu msika wa Limbe kapena ku depoti ya Lilongwe. Musajambule apolisi, asilikali kapena nyumba za boma, ndipo munthu mupempheni musanamujambule. Mukafuna takisi kapena kanjinga ka matayala atatu komwe amati txopela, gwirizanani mtengo musanakwere.

Chomaliza chikupita kwa inu aphunzitsi anzanga. Nditabwerako ndidachita manyazi ndi maulendo a sukulu amene ndakhala ndikukonza. Timatolera ndalama kwa makolo osauka, timabwereka basi, ndiye pofuna kuti ndalamazo zioneke kuti zagwira ntchito timadzaza malo asanu ndi limodzi tsiku limodzi. Ana amatsika, amajambulitsa, timawawerenga, amakwera. Lolemba ukawafunsa chimene adaona, amakumbukira pamene tidagula mandazi. Ine ndemwe ndakhala wotsogolera woomba m'manja uja. Ulendo wotsatira umene ndidakonza tidapita malo awiri okha, ana atawerengeratu sabata yathunthu, ndipo mafunso amene adafunsa adandithetsa nzeru ine mphunzitsi wawo. Makolo ena adadandaula kuti ndalama zomwezo chaka chatha ana adaona zambiri. Ndidawayankha kuti awerenge zimene ana adalemba atabwerako, ayerekeze ndi za chaka chatha.

Inu ana anga amene mukufuna kutumiza makolo pa sitima, musangowagulira tikiti. Khalani nawo pansi, muwafunse chimene akhala akufuna kuona moyo wawo wonse, muwasankhire malo atatu pa mapu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

 A Fomu 4, mayeso ali pafupi, werengani.